Maphunziro a basketball a Loweruka m'mawa: zimene ndaona pa miyezi 7

Kuyambira mwezi wa May, Loweruka lililonse m'mawa ndakhala ndikuperekeza mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa zaka 13, ku maphunziro a basketball amene amachitikira pa bwalo la sukulu ina ya sekondale kumadzulo kwa Harare, ulendo wa kombi imodzi kuchokera kwathu ku Mufakose. Wolipira ndine, popeza mwanayu ndi mbumba yanga, ndipo sindinafune kumangotulutsa ndalama osaona kumene zikupita, choncho m'malo momusiya pa geti ndimakhala pa benchi ya m'mbali mwa bwalo kufikira maphunziro atatha. Makolo angapo a kumpingo kwathu, amene ana awo amamva mtsikanayu akusimba za masewerawa, akhala akundifunsa ngati n'koyenera kuti nawonso alembetse ana awo. Yankho langa ndi lakuti inde, makamaka chifukwa cha kaphunzitsidwe kake, koma pali zofooka zimene kholo liyenera kuzidziwa lisanalipire, ndipo zina mwa izo si zazing'ono.

Maphunzirowa amayenera kuyamba 8 koloko ndi kutha 11 koloko, ndipo ife timalipira madola 15 a ku America pamwezi. Ana amene amabwera amakhala pakati pa 25 ndi 30, anyamata ndi atsikana, kuyambira a zaka 8 mpaka 16. Aphunzitsi ake ndi bambo achikulire ndithu amene adasewerapo m'makalabu a mumzinda muno, ndipo ali ndi wothandizira mmodzi, mtsikana wa ku koleji. Amaphunzitsa m'Chishona ndi m'Chingerezi, koma tsiku lina atandimva ndikulankhula ndi mwanayu anatilonjera m'Chichewa, natiuza kuti agogo awo adachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya. Ana angapo pa bwaloli ndi a m'mabanja onga athu, ndipo aphunzitsi akaona kuti mwana wotere sanamvetse, amamukokera pambali n'kumufotokozeranso m'chinenero cha kunyumba.

Tsiku loyamba limene tinapita, aphunzitsi sanatulutse mpira wa basketball. Anabwera ndi madengu awiri akale, onga aja amayi amagulitsiramo tomato ku Mbare Musika, nawamangirira ndi waya kunsi kwa mikombero, zitsulo zozungulira zimene mpira umalowamo pogoletsa, ya mbali zonse ziwiri. Kenaka anasankha ana 18, nawagawa m'magulu awiri a ana 9, nawapatsa mpira wa miyendo. Malamulo anali awiri okha: wogwira mpira asathamange nawo, ndipo wina aliyense asakankhe mnzake. Ana anayamba mothinana, onse kulondola kumene kuli mpira ngati nkhuku pa madeya, mpaka mnyamata wina anazindikira kuti akaima payekha patali ndi gulu mpira umamufika mosavuta. Patapita mphindi zambiri mpira unalowa m'dengu, ndipo masewera anaima poti dengu linali ndi pansi pake. Panafunika kubwereka makwerero kwa alonda a pasukulupo kuti mpira utuluke. Apo m'pamene aphunzitsi anakhazika ana onse pansi n'kuwauza kuti zimene angochitazo ndi momwe masewerawa adayambira.

Mbiri imene anafotokoza ndi yodziwika bwino. Mu December 1891, ku Springfield m'chigawo cha Massachusetts ku America, James Naismith, mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi wobadwira ku Canada, adapatsidwa ntchito ndi mkulu wake, Luther Gulick, yopeza masewera oti anyamata a pa sukulu ya YMCA, bungwe la chikhristu la achinyamata, azisewera m'nyumba m'nyengo yachisanu, pamene kunja kumazizira kosatheka kusewerako mpira. Naismith adaona kuti kuvulazana m'masewera ngati rugby kumachokera pa kuthamanga ndi mpira, chifukwa wothamanga ndi mpira sangaimitsidwe popanda kumugwira kapena kumugwetsa, ndipo m'chipinda cha pansi polimba zimenezo zikadathyola anthu mafupa. Choncho adaletsa kuthamanga ndi mpira. Adaonanso kuti golo ikakhala yoimirira ngati ya mpira wa miyendo, anthu amaponya ndi mphamvu zawo zonse, koma ikakhala yoyang'ana kumwamba ndi yokwera kuposa mitu ya osewera, mpira umayenera kuponyedwa mofatsa kuti ugwere m'kati kuchokera pamwamba. Adakhomera madengu awiri a mapichesi pa khonde la m'mwamba la chipindacho, limene lidali mafiti 10 kuchokera pansi, ndipo adalemba malamulo 13. Ophunzira ake adali 18, n'chifukwa chake mbali iliyonse idali ndi anthu 9, ndipo mpira umene adagwiritsa ntchito udali wa miyendo. Mafiti 10 aja, omwe ndi mamita 3.05, ndiwo akadali msinkhu wa mkombero mpaka lero, ngakhale kuti osewera adatsika kufika pa 5 mbali iliyonse patangopita zaka zochepa.

Poyamba ndinadandaula mumtima kuti ola lathunthu la tsiku lolipira lathera pa madengu ndi nthano, koma m'masabata otsatira ndinaona phindu lake. Mwana amene wamva chifukwa chimene lamulo lidakhazikitsidwira salitsutsa akaimbiridwa wezulo, ndipo saliiwala msanga. Aphunzitsiwa amatero pa lamulo lililonse: amayamba aonetsa vuto, ana aliona ndi maso awo, kenaka atchula lamulo limene lidabwera kudzathetsa vutolo. Za kufalikira kwa masewerawa anangodutsamo mwachidule, kuti bungwe loyendetsa basketball pa dziko lonse, FIBA, lidakhazikitsidwa ku Geneva mu 1932, ndi kuti mu 1936 ku Berlin masewerawa adalowa mu mpikisano wa Olympics, kumene America idagonjetsa Canada ndi mapointi 19 kwa 8 pa bwalo la panja mvula ikugwa, Naismith mwiniwake alipo. Chimene chinakhudza kwambiri atsikana athu ndi kumva kuti ntchembere mbaye, imene timanyadira nayo chifukwa cha Malawi Queens ndi osewera onga Mwawi Kumwenda, idachokera ku basketball yoyambirira yomweyi itafika ku England m'zaka za m'ma 1890. Mkombero wa ntchembere mbaye nawonso uli pa mamita 3.05, ndipo lamulo losayenda ndi mpira idalisunga monga lidalili, pamene basketball idapeza njira yolizungulira, yomwe ndi kunjanjitsa mpira pansi uku ukuyenda.

Ubale umenewu ndiwo unali vuto loyamba la mwana wathu. Iye wasewera ntchembere mbaye kusukulu kwa zaka zitatu monga wogoletsa, ndipo thupi lake linali litazolowera malamulo a kumeneko. Bwalo la pasukuluyi lili ndi mizere ya masewera onse awiri, yoyera ya basketball ndi yachikasu ya ntchembere mbaye, ndipo m'masabata oyamba ndinkamuona akuthamanga bwinobwino kenaka n'kuima chiriri pa mzere wachikasu, poti wogoletsa wa ntchembere mbaye saloledwa kudutsa pamenepo. Akalandira mpira ankauma pamalo amodzi kufunafuna woti amupatsire, ngakhale njira ya ku mkombero ili pululu, ndipo potchinga mdani ankaima patali pafupifupi mita imodzi atakweza manja, monga amafunira malamulo a masewera enawo. Aphunzitsi sanamukalipire ngakhale kamodzi. Anamupatsa ntchito yoti kwa masabata atatu, mpira uliwonse umene walandira aunjanjitse kawiri asanapatsire, kaya pali chifukwa kaya palibe, ndipo anamuika kuti azibwera ndi mpira kuchokera kumbuyo kwenikweni kwa bwalo kuti azidutsa mizere yachikasu yonse iwiri. Tsiku lina m'kombi pobwerera anandiuza kuti, "Malume, lero sindinauone n'komwe mzere wachikasu uja." Ndinaona kuti njira yawo yagwira.

Malamulo a mapazi ndi manja amaphunzitsidwa bwino kwambiri pano, ndipo ngakhale ine amene sindinasewerepo ndawamvetsa pongoonera. Wosewera akaima ndi mpira, phazi limodzi limakhala ngati lakhomedwa pansi. Atha kuzungulira pa ilo momwe angafunire, koma akalinyamula n'kulipondetsanso mpira ukadali m'manja, walakwa ndipo mpira umapita kwa adani. Akagwira mpira ali paliwiro amaloledwa masitepe awiri, kenaka ayenera kuponya kapena kupatsira. Akanjanjitsa n'kuugwira ndi manja awiri, saloledwa kuyambanso kunjanjitsa. Pophunzitsa phazi lokhomedwa lija, aphunzitsi amaika chivindikiro cha botolo pansi pa nsapato ya mwana n'kumuuza kuti azungulire chivindikirocho chisaoneke. Ana aang'ono amaikonda njira imeneyi moti ena amabwera ndi zivindikiro zawo m'thumba.

Pa malamulo a nthawi, mmene anaphunzitsira ndi momwe anachitira ndi madengu aja. Loweruka lina, gulu limodzi litatsogola ndi mapointi awiri, aphunzitsi analinong'oneza kuti lisaponyenso, lizingopatsirana. Patatha mphindi zitatu gulu linalo linakwiya, ana ena n'kuyamba kukoka anzawo malaya. Pamenepo anaimitsa masewera n'kuwauza kuti zoterezi zinkachitikadi mu ligi ya NBA ku America, kumene mu 1950 timu ya Fort Wayne Pistons idagonjetsa Minneapolis Lakers ndi mapointi 19 kwa 18 pongosunga mpira, anthu oonera n'kunyansidwa. Mu 1954 ligiyo idakhazikitsa wotchi ya masekondi 24, nthawi imene timu yokhala ndi mpira iyenera kukhala itaponya ku mkombero, ndipo amene adailimbikitsa ndi Danny Biasone, mwini timu ya Syracuse Nationals. Nambalayo idapezeka pogawa masekondi 2,880 a masewera a mphindi 48 ndi 120, chiwerengero cha kuponya kumene ankaona kuti kumachitika m'masewera osangalatsa. Mwana wathu, amene masamu samuvuta, anawerengera yekha pa foni yanga n'kupeza 24. Kuchokera apo malamulo ena a nthawi analowa mosavuta: masekondi 8 oti timu idutsitse mpira pa mzere wapakati, ndipo ikadutsa siloledwa kubwerera nawo m'mbuyo, masekondi 3 okha amene wosewera wa timu yokhala ndi mpira angaime m'dera lapansi pa mkombero, masekondi 5 oti alowetse mpira kuchokera kunja. Pano amatsata malamulo a FIBA, a zigawo zinayi za mphindi 10, osati mphindi 12 za ku NBA zimene ana amaona pa YouTube, ndipo aphunzitsi amaonetsetsa kuti kusiyana kumeneku kwamveka. Wosewera akachita mafaulo 5, omwe ndi zolakwa monga kukankha kapena kugwira mdani, amatuluka osabwereranso, pamene ku NBA ndi 6. Mpira wolowa umapatsa mapointi 2, kapena 3 ngati waponyedwa kunja kwa mzere wokhota umene uli mamita 6.75 kuchokera pakati pa mkombero, ndipo free throw, imene munthu amaponya wopanda womutchinga akachitiridwa faulo, ndi pointi imodzi. Mzere wa mapointi atatuwu ndi wa posachedwa poyerekeza ndi zaka za masewerawa: NBA idaulandira mu 1979 ndipo FIBA mu 1984.

Chimene chandichititsa kwenikweni kuti ndiwayamikire aphunzitsiwa ndi mmene amachitira ndi maudindo a osewera, ngakhale kuti pa nkhani yomweyi m'pamene tinasiyana nawo maganizo. Mwachizolowezi maudindo alipo asanu, ndipo amatchulidwanso ndi manambala. Nambala 1 ndi point guard, amene amabwera ndi mpira kuchokera kumbuyo, amaona bwalo lonse n'kusankha kumene mpira upite. Aphunzitsi amamuyerekeza ndi wotsogolera nyimbo pa gule, amene akalakwitsa kayambidwe onse amasokonekera. Nambala 2 ndi shooting guard, katswiri woponya kuchokera patali, amene ntchito yake yambiri imachitika alibe mpira, kuthamangathamanga kuti azembe womutchinga. Nambala 3, small forward, amachita pang'ono za onse: amaponya patali, amalowerera ku mkombero, ndipo kawirikawiri amapatsidwa mdani woopsa kuti amutchinge. Nambala 4 ndi power forward, wamphamvu, wolimbirana mipira imene yakana kulowa n'kubwerera, ija amaitcha rebound. Nambala 5 ndi center, amene nthawi zambiri amakhala wamtali kuposa onse, amateteza mkombero ndi kugoletsa ali pafupi.

Mwana wathu ndi wamtali kuposa atsikana onse pa bwaloli ndiponso kuposa anyamata ambiri a msinkhu wake. Ine ndinkayembekezera kuti amuika pa nambala 5 kuyambira tsiku loyamba, azigoletsa ndi kusangalala. M'malo mwake ndinkamuona akuvutika ndi mpira pakati pa bwalo, tiana tating'ono tikumulanda chifukwa ankanjanjitsa mokweza, mpira kufika m'chifuwa. Mu July, m'mawa wina wozizira, atalandidwa mpira kanayi motsatizana ndipo misozi ikulengeza, ndinapita kwa aphunzitsi pa nthawi yopuma. Ndinati, "Aphunzitsi, pepani kulowerera ntchito yanu, koma mwanayu Mulungu adamupatsa msinkhu, bwanji osamuika pansi pa mkombero pamene msinkhuwo ungamuthandize?" Anandiyankha mwaulemu kuti, "Bambo, lero ndi wamtali chifukwa wakula msanga. Pofika zaka 17 anzakewa ena adzamupeza, ena adzamupitirira, ndipo ngati chimene adzakhale akudziwa ndi kuima pansi pa mkombero basi, palibe timu imene idzamufune. Ndikamuika pamenepo tsopano tizipambana Loweruka lililonse, koma ndikhala nditamubera." Anawonjezera kuti pa bwalo lawo mwana aliyense wosakwana zaka 15 amasewera maudindo onse asanu mosinthana, ndipo ngakhale kamnyamata kafupi kwambiri kamaphunzira kulimbirana rebound.

Sindinakhutire tsiku lomwelo, koma nditalingalira ndinaona kuti mbiri ya masewerawa ili kumbali yawo. Magic Johnson wa Los Angeles Lakers adali wamtali mamita 2.06 koma ankasewera point guard. Muggsy Bogues, wa mamita 1.60 okha, adasewera mu NBA kwa zaka 14. Nikola Jokić wa ku Serbia, amene adatenga chikho ndi Denver Nuggets mu 2023, ndi center koma amadziwika ndi kupatsira ngati nambala 1. Hakeem Olajuwon wa ku Nigeria, amene adasankhidwa koyamba pa onse olowa mu NBA mu 1984 ndipo adapambana ndi Houston Rockets mu 1994 ndi 1995, ali mnyamata ku Lagos ankasewera mpira wa miyendo monga goloboyi, ndipo chimene chidamusiyanitsa ndi ma center ena chidali kupepuka kwa mapazi. Aphunzitsi amakondanso kutchula Vitalis Chikoko wa kuno ku Zimbabwe, amene wasewera m'makalabu a ku Germany ndi ku France, pofuna kuonetsa ana kuti njira yochokera m'mabwalo onga athuwa ilipo. Zimene amanena nthawi zonse n'zakuti msinkhu suphunzitsidwa ndipo suchoka, choncho nthawi ya ubwana iyenera kuthera pa zimene zimaphunzitsidwa: dzanja lamanzere, maso oyang'ana kutsogolo m'malo moyang'ana mpira, ndi mawondo opinda.

Zotsatira zake ndinaziona mu October, pa masewera a chibwenzi ndi ana a sukulu ina. Mwana wathu analumpha n'kugwira rebound pansi pa mkombero wathu, ndipo m'malo moima kufunafuna wamfupi woti amupatse, anatembenuka pa phazi limodzi, nanjanjitsa ndi dzanja lamanzere motsitsa, nadutsa ana awiri, nafika pakati pa bwalo mutu uli chiimire, kenaka anaponyera pansi mpira umene unanjanja kamodzi n'kufika m'manja mwa mnzake amene anali atathamangira kutsogolo. Mnzakeyo anagoletsa mosavuta. Pointi sinalembedwe pa dzina la mwana wathu, koma aphunzitsi anamuloza ndi chala kuti onse adziwe kumene chigolicho chachokera. Timu yathu inagonja tsiku limenelo ndi mapointi 6, makamaka chifukwa anzathuwo anaika mnyamata wawo wamtali pansi pa mkombero masewera onse. Makolo ena anadandaula, ndipo kholo lofuna kuona zikho msanga liyenera kudziwa kuti pano silidzazipeza.

Tsopano zofooka. Chachikulu ndi bwalo lenileni. Ndi la simenti yakale, ndipo chakumapeto kwa mbali imodzi, pamalo enieni amene ana amatera akalumpha, pali mng'alu wautali umene mbali yake ina yatukuka. Mu August mnyamata wa zaka 11 anatera pamenepo n'kubinya phazi, ndipo zinapezeka kuti pa bwalo panalibe bandeji, panalibe madzi oundana, panalibe ngakhale nambala ya foni ya makolo ake, moti tinachita kufunsa mwana wina wa mumsewu wawo. Ine ndi wothandizira uja tinamunyamula kukamukhazika pamthunzi, phazi likutupa tikuona, ndipo mayi ake anafika patapita ola lathunthu. Kuyambira pamenepo aphunzitsi amabwera ndi kabokosi ka zothandizira ovulala ndipo analemba manambala a makolo onse m'kope, zimene ndikuyamikira, koma zimenezi zinayenera kukhalapo kuyambira pachiyambi. Mng'alu uja ukadalipo, wangozunguliridwa ndi choko. Bwalo ndi la sukulu, aphunzitsi amangobwereka, ndipo mbali iliyonse ikuoneka kuti ikudikira inzake. Mkombero wa mbali yomweyo ndi wopendekera kutsogolo pang'ono ndipo ulibe ukonde, choncho mwana woponya kuchokera patali nthawi zina satsimikiza ngati mpira walowa kapena wangodutsa pambali.

Chofooka chachiwiri chikukhudza ana aang'ono, ndipo kholo la mwana wosakwana zaka 11 lichiganizire bwino. Basketball ya ana ili ndi miyeso yake: mkombero wotsika, wa mamita 2.60, ndi mpira wochepa wa saizi 5. Atsikana ndi amayi amasewera ndi saizi 6, amuna akuluakulu saizi 7. Pa bwaloli mipira ilipo 8 yokha, ndipo 6 mwa iyo ndi ya saizi 7, mikombero nayo ndi ya akuluakulu. Kamwana ka zaka 8 kofuna kufikitsa mpira wolemera pa mamita 3.05 kamautunga kuchokera m'chiuno ndi manja awiri, thupi lonse kupotoka, ndipo chizolowezi chimenechi chikakhazikika chimavuta kuchichotsa. N'zodabwitsa kuti aphunzitsi amene amasamala chotere za tsogolo la mwana wamtali sanapezebe njira yotetezera kaponyedwe ka ana aang'ono. Kuchepa kwa mipira kumachititsanso kuti ana atatu kapena anayi azidikirirana mpira umodzi, ndipo pa maola atatu aja nthawi imene mwana amakhala ndi mpira m'manja ndi yochepa kuposa mmene iyenera kukhalira. Ife tinagula wathu wa saizi 6, wa labala wa panja, ndipo ndikulangiza aliyense kutero. Wachikopa wa m'nyumba umatha msanga pa simenti.

Kusunga nthawi nakonso n'kovuta. Kawirikawiri geti imatsegulidwa mochedwa, maphunziro n'kuyamba cha m'ma 8:30, ndipo kuti akwaniritse maola atatu amapitirira mpaka dzuwa litakwera. M'miyezi ya June ndi July zimenezi sizinali vuto, koma mu October simenti imatentha kufikira kumveka m'nsapato, pamthunzi ndi pamtengo umodzi wokha, ndipo mpopi wa pafupi ndi bwalo sutulutsa madzi. Mwana abwere ndi botolo lalikulu, malita awiri ngati n'kotheka. Mvula itayamba mu November maphunziro analephereka kawiri, ndipo ulendo wina uthenga wa pa WhatsApp unafika tili kale m'kombi. Masiku otayikawo sanabwezedwe, ndipo malipiro sanatsitsidwe. Masewera opikisana ndi matimu ena akhalapo awiri okha pa miyezi yonseyi, zomwe ndi zochepa kwa ana a zaka 14 mpaka 16 amene akufunika kuyesedwa ndi anzawo osawadziwa. Wotchi ya masekondi 24 palibe, wothandizira amangowerenga mokweza masekondi 10 otsiriza, ndipo zimenezi sindikuziwerengera ngati cholakwa pa maphunziro a mtengo wotere. Chimene chinakonza mtima wanga pa nkhani ya mipikisano ndi ulendo umene aphunzitsi anakonza wopita ndi ana ku City Sports Centre kukaonera matimu akuluakulu a mumzinda muno, kumene mwana aliyense anapatsidwa wosewera mmodzi woti amuyang'anitsitse, makamaka pamene alibe mpira, n'kudzafotokoza Loweruka lotsatira zimene anaona. Mwana wathu anapatsidwa point guard wa timu ya amayi, ndipo anabwerako akunena kuti mayiyo ankalankhula ndi kuloza kwambiri kuposa kunjanjitsa.

Pa khalidwe, sindinamvepo mawu otukwana kapena onyoza mwana pa bwaloli. Atsikana ndi anyamata amasewera limodzi mpaka zaka 13, ndipo mnyamata wina amene ankakana kupatsira atsikana anakhazikidwa pa benchi chigawo chathunthu, bambo ake ali pomwepo. Wothandizira uja amakhala ndi atsikana pa geti mpaka aliyense atatengedwa kapena atakwera kombi, zimene kwa ife olera ana aakazi n'zofunika kwambiri.

Kwa mwana wa zaka 11 mpaka 15, makamaka mtsikana wochokera ku ntchembere mbaye kapena mwana wamtali amene kwina kulikonse angangoimikidwa pansi pa mkombero, maphunzirowa ndi oyenera ndalama zake, ndipo nsapato zolimba za pansi pa labala, mpira wakewake ndi botolo la madzi ndizo zokha zofunika kuwonjezera. Kwa mwana wa zaka 8 kapena 9 ndingadikire kaye mpaka patapezeka mkombero wotsika ndi mipira ya saizi 5. Kwa wa zaka 16 amene akufuna kulowa m'kalabu ya mu ligi, pano apezapo maziko, koma adzafunika malo ena a masewera ambiri opikisana. Ine ndalipira kale mwezi wa January, ndipo makolo asanu tagwirizana kusonkha matumba awiri a simenti ndi kulipira mmisiri wowotcherera kuti atipangire mkombero wa mamita 2.60 woti uzikolekedwa pa mtengo wa mkombero waukulu. Aphunzitsi avomera kukapempha chilolezo kwa akuluakulu a sukulu sabata yotsegulira, ndipo ndawauza kuti ndidzapita nawo.